Kusintha mpeni wa puleni popanda kutaya ndalama pachabe

Tsiku limene ndinalandira mpeni wanga woyamba wochindikala ndinasangalala ngati mwana amene wagulidwa nsapato za Khirisimasi. Mphwanga ndiye anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg, wokulungidwa m'pepala la mafuta, wonyezimira. Ndinaumanga m'puleni yanga yakale ya nambala 4, ndinazunguza kagudumu kotsitsira mpeni, koma mpeni uli duu. Ndinazunguzanso mpaka kagudumu kanafika kumathero, mpeni osasuntha ngakhale pang'ono. Vuto silinali la mpeni, komanso silinali la wogulitsa. Ine ndi amene sindinayeze kanthu ndisanaitanitse. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndikanafuna munthu andiuze nthawi imeneyo.

Choyamba, tsimikizani kuti wolakwa ndi mpeni

Amisiri ambiri timathamangira kunyoza chitsulo pomwe cholakwika chili penapake. Puleni ikamanjenjemera pathabwa n'kusiya timizere todukiza, kapena ikamang'amba mbawa m'malo moisalaza, zifukwa zimakhala zingapo: mpeni wobuntha, chitsulo chapamwamba pa mpeni chosagwira bwino, kapena chogonera mpeni chosakhazikika. Zonsezi zimatha popanda kugula kanthu.

Ndiye yesani motere. Nolani mpeni umene muli nawo mmene mungathere, mpaka uzimeta cheya cha pamkono. Palani thabwa la paini kwa mphindi khumi, kenako uchotseni muuyang'ane padzuwa. Ngati kukamwa kwake kudakali kwakuthwa, mpeni wanu ndi wabwino, ndalama zanu gulirani mwala wonolera. Ngati kwapindika ngati lata, chitsulocho n'chofewa. Ngati kwagumukagumuka, n'kutheka kuti n'chouma mopyola, koma musafulumire kuutaya: mipeni ina yatsopano imakhala yophweka kugumuka kunsonga kokha, ndipo mukadya milimita imodzi kapena awiri mumafika pachitsulo chabwino. Mpeni wofunika kusintha ndi umene ukupindika ponola paliponse, umene dzimbiri lakumba maenje kumsana kwake (mbali yosasongoledwa) pafupi ndi kukamwa, umene unapsa pagalayindala mpaka kutali, kapena umene wafupika moti kabowo kake katali kayandikira kukamwa.

Dziwani puleni yanu

Mapuleni achitsulo amene ali m'mashedi ambiri a akalipentala kuno, kaya ndi Stanley, kaya ndi Record ya ku Sheffield, kaya ndi ena otsanzira, amatsata kapangidwe ka Leonard Bailey, kamene kampani ya Stanley ya ku New Britain ku America inagula mu 1869. Mpeni umagona pachitsulo chotsetsereka chimene amachitcha frog, pa madigiri 45, mbali yosongoledwa itayang'ana pansi. Pamwamba pa mpeni pamamangidwa chitsulo chachiwiri chotchedwa cap iron ndi sikuluwu yaifupi yamutu waukulu, ndipo zonse zimapanikizidwa ndi chivindikiro chachitsulo chotchedwa lever cap.

Nambala ya puleni ndi imene imakuuzani kukula kwa mpeni. Nambala 3 imafuna wa inchi 1¾, pafupifupi mamilimita 45. Nambala 4 ndi nambala 5 zimagawana mpeni umodzi, wa mainchi 2, pafupifupi mamilimita 50. Nambala 4½, 5½, 6 ndi 7 zimafuna wa mainchi 2⅜, pafupifupi mamilimita 60. Komabe tengani rula muyeze mpeni wanu wakale, chifukwa mapuleni otsanzira sasamala kwenikweni za manambala amene alembedwa pathupi pawo.

Mukapeza pamsika mpeni wa puleni zakale zamtengo, zija zomangira mpeni ndi mphero yathabwa, musaugulire puleni yachitsulo. Chitsulo chake chimakhala chabwino ndithu, koma ambiri ndi ochindikala kukamwa n'kumapyapyala chakumchira, ndipo salowa bwino m'kapangidwe ka Bailey.

Kuchindikala: apa ndi pamene ndinagwera

Mpeni wamba wa Stanley kapena Record umachindikala pafupifupi mamilimita 2. Ya kampani ya Hock yopangira mapuleni amenewa imakhala pafupifupi mamilimita 2.4, ya Veritas ya ku Canada pafupifupi 2.5, ndipo ilipo ina yofika mamilimita 3 kapena kuposa. Mpeni wochindikala sunjenjemera msanga, ndipo ponola ndi manja umakhazikika bwino pamwala chifukwa mbali yosongoledwa imakhala yotakata. Koma kuchindikala kumabwera ndi mavuto atatu, ndipo muyenera kuwayeza onse ndalama zisanatuluke m'thumba.

Loyamba ndi kanyanga kotsitsira mpeni. Chotsani lever cap muone: pali kachitsulo kamene kamatuluka mu frog, kudutsa m'kabowo katali ka mpeni, n'kukalowa m'kabowo kakang'ono ka cap iron. Kagudumu kamakankha kanyangako, kanyanga kamakankha cap iron, ndipo cap iron ndi imene imakoka mpeni. Mpeni ukachindikala, cap iron imakwera m'mwamba ndipo kanyanga kamalephera kuifikira. Ndicho chinandichitikira ine. Kuti mudziwe msanga, dulani kapepala kolimba ka katoni kochindikala ngati milimita imodzi, kabooleni pakati, mukayale pa frog pansi pa mpeni wanu wakale, mumange. Kagudumu kakamatsitsa ndi kukweza mpeni bwinobwino, mpeni wa mamilimita 3 ungagwire. Kakamazungulira pachabe, khalani pa 2.4 kapena 2.5.

Lachiwiri ndi sikuluwu ya cap iron. Imakhala yaifupi, yopangira mpeni wopyapyala, ndipo pampeni wochindikala imangogwira ndi mizere iwiri yokha. Tsiku lina mudzaikoka n'kudya mizereyo. Ogulitsa ena amaperekera limodzi sikuluwu yaitali; funsani.

Lachitatu ndi pakamwa pa puleni, mpata umene zopalidwa zimatulukira. Mpeni wochindikala umadya mpatawo. Za izi tikamba pomanga.

Ine maganizo anga ndi akuti papuleni yakale yabwino, mpeni wa 2.4 kapena 2.5 ndi wokwanira. Kupyola apo mumayamba kusema puleni kuti igwirizane ndi mpeni, chinthu chimene sichibwerera m'mbuyo.

Mtundu wa chitsulo

Mayina amene mudzakumana nawo kwambiri ndi atatu. O1 ndi chitsulo chosavuta kunola, chimathwa kwambiri ngakhale pamwala wamafuta wamba, koma chimachita dzimbiri msanga. A2 imakhalitsa isanabunthe koma imatopetsa ponola, ndipo imakonda kugumuka ngati mwaisongola mopyapyala kwambiri. Imafuna madigiri 30 kapena kuposerapo. PM-V11 ndi ya Veritas, yopangidwa kuchokera ku ufa wachitsulo, imakhalitsa komanso siuma mutu ponola ngati A2, koma mtengo wake ndi wokwera.

Ngati chonolera chanu ndi mwala uja wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, tengani O1. Kugula A2 mulibe mwala wa dayamondi kapena miyala yamadzi yabwino n'kudzipatsa ntchito ya tsiku lonse. Amene mumapala kwambiri bulugama wouma, amene amabunthitsa mpeni ngati mukupala mwala, ndi amene mungapindule ndi chitsulo chokhalitsa.

Ndipo kunena zoona, mpeni woitanitsa kunja, mukaphatikiza mtengo wotumizira, ungadule kuposa puleni imene mukuikamo. Njira yotchipa ndiyo kusaka puleni yakale ya Stanley kapena Record yosweka thupi kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kuigula chifukwa cha mpeni ndi cap iron yake. Yang'anani kumsana kwa mpeni: dzimbiri lapamwamba si vuto, maenje pafupi ndi kukamwa ndiwo vuto. Papuleni yotsanzira yokhala ndi mpeni wofewa, kusintha kotere kumaisandutsa chida china.

Kusalaza msana

Mpeni watsopano sufika wokonzeka kupala, ngakhale walembedwa kuti wanoledwa. Kuthwa ndi pamene mbali ziwiri zosalala zakumana, ndiye ngati msana uli ndi mizere ya makina, kukamwa kudzakhala ngati mano a sowo ngakhale mutanola mbali inayo mpaka kuwala.

Pukutani mafuta a kufakitale ndi palafini. Pezani galasi lochindikala, chidutswa cha windo la mamilimita 5 kapena 6 chimakwana, muliyale pamalo osagwedezeka. Yalani sandipepa yamadzi ija yakuda, nambala 220, mutainyowetsa kuti imatirire pagalasi. Detsani msana wa mpeni ndi maka kuyambira kukamwa kubwerera m'mbuyo masentimita awiri. Gonekani gawo lodetsedwalo pasandipepa, mchira wa mpeni uli panja, zala zitatu zitapanikiza pamwamba penipeni pa kukamwa, muziyendetsa uku ndi uku. Dzanja la kumchira lingochirikiza, lisanyamule. Mukanyamula ngakhale pang'ono mumazunguliza kukamwa, ndipo ntchito imayambiranso.

Pakatha kanthawi tembenuzani muone. Pamene inki yatsala ndi pamene pali potsika. Inki ikatsala pakati, kutali ndi kukamwa, zisiyeni. Ikatsala kukamwa kapena m'makona, pitirizani. Inki yonse ya kukamwa ikachoka, pitani pa 400, kenako 800, kenako 1200, nambala iliyonse mpaka mizere ya yapitayo itazimiririka. Ntchitoyi ndi yotopetsa koma imachitika kamodzi pa moyo wa mpeni.

Ngati mpeni ndi wakale ndipo msana ukukana kusalala, pali njira imene anaitchukitsa mmisiri wa ku England David Charlesworth. Mumagoneka rula yachitsulo yopyapyala m'mphepete mwa mwala wosalala, mpeni n'kugona modukiza, thupi lake pa rula, kukamwa kuli kumphepete inayo. Mpeni umapendekeka pang'ono kwambiri, moti mumangosalaza kamzere kakang'ono kukamwa kokha. Ndi ya mipeni ya puleni basi, patchizulo musayese.

Kusongola ndi kunola

Mipeni yambiri imabwera itasongoledwa pa madigiri 25. Inu muwonjezere kamzere kakang'ono kunsonga pa madigiri 30, ndipo ponola tsiku ndi tsiku muzikhudza kamzereko kokha. Musapyole madigiri 35. Popeza mpeni wagona pa 45, mukakweza kwambiri chidendene cha mbali yosongoledwa chimayamba kukhuza thabwa, puleni n'kumangotsetsereka osaluma, inu n'kumadabwa poti mpeni ukumeta cheya.

Mulibe choyezera madigiri? Rula ikwana. Pa madigiri 30, mbali yosongoledwa imatalika kawiri kuchindikala kwa mpeni. Pa madigiri 25 imatalika pafupifupi kawiri ndi theka: mpeni wa mamilimita 2 umakhala ndi mbali yosongoledwa yochepera pang'ono mamilimita 5, wa 2.5 pafupifupi mamilimita 6. Amene muli ndi kachipangizo kogwirira mpeni ka mtundu wa Eclipse, kaja ka kagudumu kamodzi pansi, tulutsani mpeni mamilimita 50 kuti mupeze madigiri 25, ndi mamilimita 38 kuti mupeze 30.

Nolani mpaka chala chikamayenda kumsana, kuchokera m'mbuyo kupita kukamwa, chimve kamlomo kokhakhala kuyambira kona mpaka kona. Kamlomoko ndiye mboni yoti mwafika kunsonga. Kakapanda kumveka pakati, pamene mpeni umatha kwambiri, simunamalize. Pitani pamwala wosalala, kenako gonekani msana kuti kamlomo kachoke, ndipo mumalize pokoka chobwerera m'mbuyo pachikopa. Lamba wakale womatidwa pathabwa amagwira ntchito. Kamlomo musakathyole ndi chala.

Makona awiri a mpeni akhudzeni pang'ono. Pomaliza kunola, panikizani kona yakumanja kangapo, yakumanzere kangapo, kuti kukamwa kukhote pang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso pokhapokha mutaika sikweya. Izi zimachotsa mizere ija imene imaonekera mukapaka vanishi pamwamba pa tebulo.

Galayindala ya magetsi ndi imene yapha mipeni yambiri. Mukaigwiritsa ntchito, khalani ndi chitini cha madzi pambali, muzikhudza pang'ono n'kuviika. Kunsonga kukasintha mtundu n'kukhala kobiriwira ngati phiko la nkhunda, pamenepo chitsulo chafewa ndipo muyenera kudya mpaka mtunduwo utatha.

Cap iron, imene ambiri amaiiwala

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu, kuposa ngakhale mpeni wodula. Cap iron si chongopanikizira mpeni. Ntchito yake ndi kupinda chopalidwa chikangodulidwa, chisanakhale ndi mphamvu yong'amba thabwa kutsogolo kwa mpeni. Mbawa ili ndi mitsempha yolukana, mzere wina kupita uku, woyandikana nawo kubwerera, moti mbali iliyonse imene mungapalire mumakhala mukutsutsana ndi ina. Mlombwa nawo umatero pafupi ndi mfundo. Pamatabwa otere, cap iron yokonzedwa bwino ndi imene imasiyanitsa thabwa losalala ndi lokumbikakumbika.

Mangani cap iron pampeni, munyamule moyang'ana kuwala, muone pamene zakhudzana. Kuwala kukamadutsa, zopalidwa zidzalowa pamenepo n'kutseka pakamwa, muzingokhalira kutokosa ndi msomali. Imasuleni, muike mlomo wake wapansi pamwala, mchira wake utatsika pang'ono kuposa pamwamba pa mwala, kunja kwa mphepete. Mukatero mumadya chakumbuyo kwa mlomo, ndipo nsonga yeniyeni ndi imene imayamba kukhudza mpeni mukamanga. Yendetsani mpaka mlomo wonse uwale, muyesenso pakuwala. Kenako tembenuzani musalaze pamphumi pake, pamene zopalidwa zimagunda, mupange kamzere kowala ka madigiri pakati pa 45 ndi 50 kunsonga, n'kukapukuta pachikopa.

Ngati mukugulanso cap iron yatsopano, yezani mtunda wochokera kunsonga yake kufika pakabowo ka kanyanga, mufanizire ndi yakale. Mtundawu umasiyana pakati pa opanga, ndipo ukasiyana kwambiri mpeni umakana kutuluka kapena kubwerera. Cap iron yakale ikakhala yosapindika, isungeni, muiphatikize ndi mpeni watsopano.

Pomanga, ikani cap iron modukiza kutali ndi kukamwa, lowetsani sikuluwu, muitembenuze iwongoke, kenako muikankhire kutsogolo pang'onopang'ono. Isadutse pamwamba pa kukamwa kumene mwavutikira kunola. Pantchito wamba siyani milimita imodzi. Posalaza komaliza siyani theka la milimita. Pa mbawa yovuta yandikizani mpaka kangotsala kamzere kowala ngati ulusi. Gwirani zolimba pomanga sikuluwu, chifukwa cap iron imakonda kuyenda mukamamaliza kukoka.

Kumanga m'puleni

Musanaike mpeni, masulani masikuluwu awiri a frog muichotse, mupukute utuchi ndi mafuta ouma pansi pake. Yendetsani pamwamba pake pasandipepa kuchotsa penti kapena timatumphu, mosamala kuti musapinde kachitsulo kopendeketsera mpeni. Poibwezera, pamwamba pa frog palingane ndi kotsetsereka ka kumbuyo kwa pakamwa pa puleni. Yesani ndi rula. Ikabwerera m'mbuyo kupyola apo, mpeni umatsamira pathupi la puleni n'kusiya mpata pansi pake, ndipo kunjenjemera kumabwereranso.

Ikani mpeni, muonetsetse kuti kanyanga kalowa mu cap iron ndipo kagudumu kakang'ono kopendeketsera kalowa m'kabowo katali ka mpeni. Sikuluwu ya lever cap ibwezeni pang'ono popeza mpeni wachindikala. Lever cap izitsekeka ndi chala chachikulu n'kulira kuti thwa, osati mochita kumenya. Mukapanikiza kwambiri kagudumu kamauma, ndipo kanyanga kangathyoke.

Tsopano yang'anani pakamwa. Mpata wa milimita imodzi kutsogolo kwa mpeni ndi wokwanira pantchito zambiri. Ngati frog ili kale pamalo ake koma mpata palibe, chatsala ndi tupa. Lembani mzere ndi sikweya kutsogolo kwa pakamwa, theka la milimita lokha, mangani puleni osaipanikiza kwambiri m'mbali chifukwa chitsulo chake chimasweka, mudye ndi tupa yosalala mopendekera kutsogolo kuti mkati mutakate. Chitsulo cha thupi la puleni n'chofewa pa tupa, chimadyeka msanga kuposa mmene mukuganizira. Dyani pang'ono, yesani, dyaninso. Ngati puleni ndi yosiyiridwa ndi bambo anu kapena ndi yakale yosowa, ine ndingabweze mpeni m'malo moisema.

Kuyesa

Tembenuzani puleni, muyang'ane motsata pansi pake kuchokera kutsogolo, kumbuyo kuli khoma lowala. Bwezani mpeni mpaka usaoneke, kenako tsitsani mpaka kaoneke kamzere kakuda. Kakatuluka kwambiri mbali imodzi, wongolani ndi kachitsulo kopendeketsera. Nthawi zonse malizani ndi kutsitsa, osati kukweza. Kagudumu kali ndi mpata wozungulira pachabe, ndipo mukamaliza ndi kukweza, mpeni umabwerera wokha mukayamba kupala.

Pakani kandulo pansi pa puleni, mizere iwiri itatu. Tengani kathabwa kopyapyala ka paini, mupale m'mphepete mwake ndi kona yakumanja ya mpeni, kenako yakumanzere. Zopalidwa zifanane kuchindikala. Zikafanana, pitani pa mbawa. Zopalidwa zikamatuluka zowongoka, zonyezimira, osati zopiringizika ngati mchira wa nkhumba, ndiye kuti cap iron yayamba kugwira ntchito yake. Zikamatuluka zokwinyikakwinyika ndipo puleni yalemera kukankha, mwayandikiza mopyola, bwezani pang'ono. Thabwa likamang'ambikabe, yandikizani, ndipo chepetsani kuluma kwa mpeni.

Mpeni wakale uja musautaye. Usongoleni mokhota kwambiri kukamwa, muubwezere cap iron kutali mamilimita awiri kapena atatu, ukhale wochotsera mizere ya sowo pamatabwa ochekedwa ndi manja, amene amabwera ndi mchenga m'mbali chifukwa chogona pansi. Mchenga umodzi umagumula mpeni wodula mofanana ndi wotchipa. Watsopanoyo azikhudza thabwa loyera kale, ndipo nyengo ya mvula muziupukuta ndi kansanza ka oilo madzulo aliwonse musanatseke shedi.